Mwana Wopeza Sanapite ku Fodya

Ndinafika ku Bindura nkhondo yaikulu ya azungu itangotha, ndili wongokwatiwa kumene. Amuna anga anali atakhala zaka zambiri ku mgodi wa golide, moti kwathu ku Ntcheu anthu anali atayamba kale kuwatchula mtchona. Atabwera kudzafuna mkazi anandiuza zambiri: za nyumba ya pa komboni, za poso wa ufa ndi nyemba wolandira ku mgodi, za masitolo odzaza nsalu. Chinthu chimodzi chokha sanandiuze, ndinachipeza ndekha titatsika lole. Pakhomo pa nyumbayo panali patakhala kamnyamata, chibwano pa mawondo, mutu wonse zipere.

Amuna anga anatsitsa katundu, n'kunena akuyang'ana kumbali kuti mwanayo ndi wawo, mayi ake anamwalira. Nkhani inathera pomwepo. Zina zonse ndinazimva kwa amayi a pampopi. Mayi ake anali Mkorekore, mtundu wina wa anthu oyankhula Chishona, wa kumidzi ya kumpoto. Atamwalira, abale ake anati kwawoko mwana ndi wa bambo, ndiye iwo sizikuwakhudza. Anthu akwathu a pa komboni anati ayi, kwathu mwana ndi wa kuchikazi, apite kwa amalume ake. Akulu ali mkati mokankhirana, mwanayo ankangoyenda nyumba ndi nyumba, kuno adye, uko agone. Miyezi imene bambo ake anali ku Nyasaland kudzandikwatira, panalibe amene ankadziwa bwinobwino kumene ankagona.

Anali wa zaka ngati zisanu ndi ziwiri. Chinyanja sankachimva, ankayankhula Chishona chokha, nachonso mwa apo ndi apo. Mawu oyamba amene ndinawadziwa m'chinenero chake anali akuti handidi, kutanthauza kuti sindikufuna, chifukwa ndi amene ankandiuza tsiku lonse. Ankabisa zakudya. Ndinkapeza mbatata yowola kudenga, nyemba zophika m'thumba la kabudula, mkute pansi pa mphasa. Ankakodzanso pogona pafupifupi masiku onse. Tsiku lina ndikufuna kumusambitsa anandiluma padzanja mpaka magazi.

Amuna anga sanali munthu woipa, ndipo sindilola aliyense kunena zimenezo. Ankagwira ntchito pansi, pa makina oboola miyala, ndipo khutu lawo lakumanzere linali litagontha. Ankatuluka mumgodi ali mbuu ndi fumbi, mutu ukuwomba. Akamufunsa kanthu mwanayo, iye ankayankha chapansipansi atazolika, iwo osamva, n'kuyesa mwano. Ndiye ankavula lamba. Iwowo analeredwa ndi amalume awo monga ambiri a ife kumudzi, bambo awo ankangowaona ngati mkamwini wa pamudzi wa amayi. Pa komboni panalibe amalume, panalibe wina womutumizirako mwana akavuta. Ntchito imene kumudzi ankagawana anthu khumi inatsalira iwo ndi ine, ndipo tonse sitinkaidziwa.

Nyumba za pa komboni zinali zogundana, khoma limodzi mabanja awiri. Kuseri kwa khoma lathu kunkakhala atelala ndi akazi awo, Asilamu, Ayao a ku Mangochi. Abambowo ankasoka pakhonde, munthu wofatsa amene mawu ake ankachita kuwafunafuna. Amayiwo ankakazinga zitumbuwa n'kumagulitsa pachipata cha mgodi. Anali mayi wamphamvu zake, wamawu aakulu, wosadziwa kuzungulira nkhani. Ankalera ana awoawo asanu ndi ena awiri amasiye, koma kunyumba kwawo sitinkamvako kulira kwa mwana wokwapulidwa.

M'mawa wina amuna anga atapita kuntchito, amayiwo anangoti odi ali m'kati kale.

“Achemwali, kulira kwa m'nyumba muno tikumva mpaka liti? Ifenso timafuna kudya mwamtendere.”

Ndinapsa mtima. Ndinawauza kuti mwanayo sindinamubale ine, sindinamupemphe, ndipo ngati ali ndi mankhwala a mwana wotere andipatse. Anati mankhwala alibe, koma ndikalola akhale pakhomo panga tsiku limenelo aone mmene timakhalira. Anakatenga malaya ofunika mabatani, anakhala pamphasa n'kumasoka. Ankasoka akutiyang'anitsitsa mpaka dzuwa litapendeka.

Kenako anamutuma mwanayo kukasewera ndi ana awo, n'kundiuza zimene anaona. Anati ndimamuitana ndili patali, kawirikawiri ndili kumbuyo kwake, m'chinenero chimene sachimva, ndipo ndimamuthira mawu ambirimbiri pakamodzi. Anatinso chiyambire m'mawa dzina lake ndinalitchula pokhapokha atalakwa. Ndinafuna kukana koma ndinasowa pogwira, ndiye ndinangowafunsa kuti nanga nditani.

“Mupite pamene ali, mugwade, maso anu alingane ndi ake, munene chinthu chimodzi basi. Tiyeni, ine ndikhale mwanayo.”

Mayi wamkulu uja anakakhala pakona, nkhope kukhoma, milomo atatupitsa. Ndikamayandikira ankandikankha dzanja n'kumati handidi. Ndinaseka mpaka misozi. Iwo osaseka. Anandibweza pakhomo kuti ndiyambirenso, chifukwa ndinali nditabwera mothamanga ngati ndikufuna kugwira nkhuku. Ndinabwerezabwereza mpaka anavomera.

Za kubisa zakudya anati ndisiye kufufuza kudenga. Anandiuza kuti nditenge mbale yokhala ndi chivundikiro, ndiziikamo kachakudya, ndiziika pamalo pamene iye angafikire, ndipo ndimuuze kuti ndi yake, palibe wina adzaigwira, ngakhale bambo ake. Anati mwana amene anagonapo ndi njala m'nyumba za eni sakhulupirira kuti mawa kudzakhala chakudya, ndipo zimenezo sungamuuze ndi pakamwa. Masiku oyamba ankadya zonse nthawi yomweyo n'kubisanso zina. Ndinkangodzazanso. Patapita nthawi ndinamuona akubwera kuchokera kosewera, anavundukula, anayang'ana, anavundikira n'kubwerera kwa anzake osatenga kanthu.

Za mphasa yonyowa anati ndisakanene pampopi, ndisakayanike kutsogolo kwa nyumba kuti anthu aone. Tizinyamula awiri, iye mbali ina ine mbali ina, tikatsuke kuseri, ngati mmene timatsukira mbale. Chishona anati ndichiphunzire, popeza wamkulu ndine. Ndinachitola kwa ana awo ndi kwa amayi amene ankabwera kudzagulitsa masamba kuchokera ku mafamu. Ndinkalakwitsa kwambiri, ndipo kuseka kwake koyamba kumene ndinakumva kunali kondiseka ine.

Sikuti zonse zimene amayiwo anandiuza zinagwira. Anati ndizimuyamikira akachita bwino. Ndinayesa, koma ndikangoti wachita bwino, ankaphwanya chimene wapangacho n'kuthawa. Nditawauza anavomera kuti pamenepo analakwitsa iwo. Anati ndisiye kutama, ndizingonena chimene ndaona, kuti madzi aja wabweretsa, nkhuni zija waunjika, n'kupitiriza ntchito yanga. Chimenecho anachilandira. Amayiwo ankabwera kawirikawiri, dengu la zitumbuwa lili pamutu, kudzandifunsa chimene chayenda ndi chimene chakanika, ndipo sankalola kuti ndingoyankha kuti zili bwino.

Nkhani inafika kwa amayi a kumpingo kwathu. Ine ndine Mkhristu wobadwira mu mpingo, ndipo Lachinayi sindinkajomba. Tsiku lina mapemphero atatha, akazi a mkulu wa mpingo anandiuza kuti nditsale, amayi ena atakhala mondizungulira. Anati akumva kuti ndikukatenga nzeru za m'nyumba kwa munthu amene si wa chikhulupiriro chathu, pamene iwo alipo. Anati ndikumulekerera mwanayo, m'mera m'poyamba, ndipo anandiwerengera mawu a m'Baibulo onena za ndodo. Ndinamvetsera mpaka anamaliza, monga ndinaphunzitsidwira.

“Amayi, ndamva,” ndinatero. “Koma mwanayu wayenda pamakomo panu nonse chimwalirire mayi ake. Ndodo munamupatsa, zipsera zake ndaziona. Amene anamupatsa pogona ndi ndani? Ndikufuna ndikamuthokoze.”

Amayiwo ananyamuka n'kubalalika. Pambuyo pake anati mtsikana wa dzulodzuloyu ndi wamwano, ndipo pampopi anasiya kundipatsa moni. Ine kutchalitchi sindinasiye. Ndinkamusambitsa mwanayo, kumuveka malaya amene atelala anamusokera ndi nsalu zotsala, n'kukakhala naye kutsogolo penipeni. Sindinkaona chifukwa chobisalira.

Ovuta anali amuna anga. Lamba anachepa chifukwa zolakwa zinachepa, koma sanasiye. Atelala anawaitana kangapo kuti akasewere bawo pakhonde pawo, iwo n'kukana. Anandiuza kuti sangaphunzire kulera mwana wawo kwa munthu wosoka zigamba, ndipo zogwadagwada zangazo n'zachikazi.

Mvula itayamba, ine ndili ndi pakati pooneka, mwanayo anagenda mnzake ndi mwala pamphumi. Mnzakeyo anali atamunena pagulu kuti ndi wopanda kwawo, wokanidwa ndi abale a mayi ake omwe. Tsoka lake, wogendedwayo anali mwana wa polisi wa pa komboni, munthu woyenda ndi chikoti amene mawu ake ankafika kwa mzungu woyang'anira komboni. Polisiyo anauza amuna anga kuti asankhe, achoke mwana kapena lichoke banja lonse. Nyengo imeneyo akapitawo a mafamu a fodya a ku Matepatepa ankazungulira m'makomboni kufuna ana okatola mbozi pamasamba. Amuna anga anagwirizana ndi kapitawo wina osandiuza. Amene anandiuza ndi akazi a atelala, lole itaima kale pachipata Lamulungu masana, ndipo anati pamenepa pokha sangandiyankhulire chifukwa ndi pakhomo panga.

Sindinaganize nthawi yaitali. Ndinamanga zovala zanga m'chitenje, ndinamugwira mwanayo padzanja kuchokera kwa bambo ake, n'kuyenda naye mpaka pa lole. Ndinamukweza, nanenso n'kukwera ndi mimba yanga, ndinakhala pakati pa ana ena amene anali atakwera kale. Kapitawo uja anakalipa m'Chilapalapa, chinenero cha pantchito, kuti akufuna pikinini yekha, ndiye kuti mwana, mkazi ayi. Ndinamuyankha m'Chishona changa chothyokathyokacho kuti kumene akupita mwanayu ndi kumene ndikupita ine. Anthu anasonkhana, popeza Lamulungu onse anali pakhomo. Amayi a kumpingo aja analiponso.

Amuna anga anafika pafupi, n'kunena motsitsa mawu, “Tsikani. Mukundichititsa manyazi.”

“Manyazi ake ati, bambo? Oti ndakwera lole, kapena oti mwana wanu mukumupereka ngati mbuzi? Tsiku limene ndinafika munandiuza kuti ndi wanu, ine ndinamva. Ngati akupita, tipita awiri, ndipo inu mukawauze makolo anga kumene munanditumiza ndi mimba yanuyi.”

Ndinayankhula mokweza dala, kuti khutu lawo lamoyo limve, ndiponso komboni yonse imve. Mwanayo nthawi yonseyi anali atagwira m'mphepete mwa chitenje changa ndi manja onse awiri. Woyendetsa lole anayamba kuliza hutala chifukwa anali ndi makomboni ena oti afikeko. Kapitawo anaona kuti mkazi wapakati ndi mlandu umene sakuufuna, ndiye anamutsitsa mwanayo, nanenso ndinatsika. Amuna anga anali atachoka kale.

Ndinkayesa kuti ndapambana, koma akazi a atelala anandidikirira pakhomo n'kundiuza kuti ntchito sinathe. Anati pali mwana wa eni amene ali ndi bala, ndipo kuleka kumenya si kuleka kulanga. Wathuyo akaone chimene dzanja lake lachita. M'mawa mwake ndinapita naye kwa polisi uja. Ndinagwada pabwalo, ndinawomba m'manja monga amachitira kuno, ndipo mwanayo anapepesa yekha ndi pakamwa pake, akuyang'ana bala lija. Ndinapempha kuti azitungira nyumba imeneyo madzi mpaka bala litapola. Koma ndinanenanso, pamaso pa onse, mawu amene mwana wawo anamunena wanga. Akazi a polisi anazolika, n'kuvomera za madziwo. Polisi mwiniwake, poona kuti walandira ulemu wake anthu akuona, sanapitenso nayo nkhaniyo kwa mzungu. Wanga anatunga madziwo osajomba, nkhope itakwinyika, ndipo ine sindinamuthandize ngakhale chidebe chimodzi.

Amuna anga anakhala nthawi yaitali osandiyankhula. Ankadya, kusamba, kupita kuntchito. Ine sindinapepese, ndipo mpaka lero sindiona chimene ndikanapepesera. Lamulungu lina ndikuchokera kutchalitchi ndinawapeza pakhonde pa atelala, bawo lili pakati. Ndinadutsa ngati sindinaone.

Zimene ankakambirana ndinazimva patapita zaka. Atelala sanawadzudzule za lole kapena za lamba. Anangowauza kuti aona kuti posewera amatembenuzira khutu lakumanja kwa woyankhula, ndipo anawafunsa kuti mwana wawo akamayankhula amaima mbali iti. Amuna anga anati mwanayo sayankhula. Atelala anati amayankhula, iwo amamumva kudzera pakhoma. Anawalangiza kuti asamamuimike patsogolo pawo ngati pamlandu, koma azimukhazika pambali, kumanja, manja a onse awiri ali pantchito ina yake.

Amuna anga anali ndi njinga imene matayala ake ankaphulika kawirikawiri. Anayamba kumuitana mwanayo akamamata, kuti agwire beseni la madzi n'kumayang'ana pamene pakutuluka thovu. Poyamba ankabwera ataumitsa thupi, akudikira kumenyedwa. Tsiku lina amuna anga analowa m'nyumba manja ali bii ndi mafuta, n'kuima pakhomo ngati munthu waona malodza.

“Kodi mwanayu amayankha?”

“Chiyambire kale, bambo.”

Awa ndi mawu oyamba amene tinayankhulana chichitikire za lole zija.

Sindinena kuti kuyambira pamenepo m'nyumba mwathu munali mwa angelo. Amuna anga anamumenyanso, ndikukumbukira kawiri, ndipo ulendo uliwonse mwanayo ankabwerera m'mbuyo, mphasa n'kuyambanso kunyowa. Koma tsopano iwo ankaona okha chimene lamba wachita. Anaphunzira kutuluka mtima ukawira, ankayenda mpaka ku milu ya mchenga wa mgodi n'kubwerako atazizira. Nditabereka mtsikana, amene ankamunyamula ine ndikamaphika anali mlongo wakeyo. Sananditchulepo kuti amayi. Ankanditchula mainini, mayi wamng'ono m'Chishona. Amayi a kumpingo ankati umenewo ndi umboni woti mwana wa eni sazolowereka. Ine dzinalo ndinkalikonda, chifukwa mayi ake enieni analipo ndipo sindinabwere kudzawafafaniza.

Amayi amenewo sanavomerepo kuti ndinali ndi mfundo. Koma ana awo aakazi atakwatiwa, ndi atsikana ena ongofika kumene kuchokera kwathu, ankabwera kwa ine podzera kuseri, dengu lili m'manja ngati akudzabwereka lichero. Ndinkawauza kuti alowere kutsogolo, palibe chakuba pano. Ndinkapita kukakhala pakhomo pawo tsiku lonse, kenako n'kukhala pakona nkhope kukhoma, iwo azindiyandikira. Ena zinawathandiza, ena amuna awo anandithamangitsa. Nthawi imeneyo atelala ndi akazi awo anali atasamukira ku Mazowe, ku minda ya malalanje, kumene kunali anthu ambiri ofuna kusoketsa. Ndinawaonanso kamodzi kokha, pamaliro, ndipo sitinapeze mpata wocheza.

Fumbi la mumgodi linawadya amuna anga m'chifuwa. Anadwala nthawi yaitali, anaonda mpaka ndinkawatembenuza ndekha pamphasa. Mnyamatayo apa n'kuti atakula, ataphunzira sukulu pang'ono, akuphunzira ukalipentala m'tauni. Iye ndi amene ankawakweza panjinga kupita nawo kuchipatala, iye akukankha wapansi, ndipo bokosi lawo anakhoma yekha.

Nyumba ya mgodi si ya mkazi wamasiye. Maliro atatha anatiuza kuti tichoke. Alongo anga anabwera kuchokera ku Ntcheu, ulendo wautali umenewo, kudzanditenga ine ndi ana anga atatu. Anati kumudzi munda wa amayi ukundidikira, kuno ndidzafera m'manja mwa alendo. Ndinawauza kuti mnyamatayo wapeza kachipinda m'tauni ndipo akufuna tikakhale naye. Alongo anga anapukusa mutu. Anati akadzakwatira adzanditembenukira, ndipo pamenepo ndisadzalire kuti abale ananditaya.

“Achimwene, mwachita bwino kubwera, ndipo ndikuthokoza,” ndinawauza. “Koma inu mwamuona sabata imodzi, ine ndamulera. Akadzanditembenukira ndidzadziwa ndekha chochita. Sindipita.”

Anakwiya, anati ndasanduka mtchona ngati malemu. Ndinawakazingira mtedza wa panjira, ndinawaperekeza mpaka pokwerera, tinatsanzikana bwino ngakhale anali asanakhululuke. Pobwerera ndinapeza mnyamatayo atabwereka ngolo, atakweza kale mphasa, mipando iwiri ndi miphika, wamng'ono atamukhazika pamwamba pa katundu. Ndinanyamula mtondo pamutu, atsikana ananyamula nkhuku, ndipo tinatuluka pachipata cha komboni dzuwa lili pamutu, anthu onse akuona.